Loweruka la ku Mufakose, madzulo a ku Windhelm

Magetsi lero anatichitira chifundo. Pobwera ku Mbare Musika, msika waukulu wa muno mu Harare, ndi tomato ndi repu, ndinapeza ana ataunjirira laputopu ija achimwene anatumiza kuchokera ku Joni. Amene anagwira anali mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, msuweni wake ali pambali kulamula ngati kondakitala wa kombi. Gemu yake Skyrim, ya kampani ya Bethesda, yomwe inatuluka mu 2011 mwanayu akukwawa.

Iye amasewera ngati mkazi wa mtundu wa Dunmer, akhungu la phulusa ndi maso ofiira. Ndinafika akulowa pa geti la mzinda wa Windhelm, pomwe amuna awiri a mtundu wa Nord amazazira mayi wina wa Chidunmer kuti akudya chakudya chawo, akuipitsa mzinda, mwinanso ndi kazitape. Mwana anandifotokozera kuti a Dunmer anathawa kwawo ku Morrowind phiri litaphulika, ndipo anawaunjika m'dera limodzi lotchedwa Gray Quarter. A Argonian amagona kudoko, kunja kwa mpanda. Amalonda a Khajiit amamanga matenti kunja kwa mizinda, ati ndi akuba.

Amayi anali pamkeka kusankha nyemba. Mdzukulu atawamasulira, anaika lichero pansi.

"Nanga si mabwidi amenewo?" Mabwidi ndi dzina lachipongwe limene amatinena nalo ife ochokera ku Malawi kuno ku Zimbabwe. Anaseka, koma kuseka kwake ndimakudziwa.

Malemu bambo anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya, nagwira ntchito pa famu ya fodya asanabwere ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare. Ine ndinabadwira kuno, koma chitupa changa chinali ndi chilembo A, kutanthauza mlendo. Lamulo la unzika la 2001 linatisiya ambiri opanda dziko mpaka malamulo atsopano a 2013. A Mugabe anatchulapo anthu a ku Mbare kuti alibe mutupo, kutanthauza mfunda m'Chishona, pamene ife mfunda wathu ndi wa a Phiri kuyambira kale. Choncho za pageti zija sizinandikwiyitse. Olemba gemu anaziika dala kuti wosewera amve kuwawa kwake, ndipo anakhoza.

Chondikwiyitsa chinabwera pambuyo. Mwana wanga ankangophedwa, mnyamata n'kumati, "Mwaonatu azakhali, atsikana gemu iyi saitha." Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti munthu wake wavala mkanjo wa nsalu, pamene m'thumba muli zovala zachitsulo.

"Iwe, bwanji osavala zachitsulozo?"

Sanayankhe. Anangodina. Zimene pa mwamuna zimaphimba kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, pa mkazi zinasanduka tizitsulo tiwiri pachifuwa ndi kansanza m'chiuno. Dziko la chipale chofewa limenelo! Amayi anati, "Ameneyu akupita kunkhondo kapena kubafa?"

Kunena zoona, Skyrim yeniyeni zovala zake zambiri zimaveka akazi bwinobwino. Uyu msuweni ndiye anakoka pa intaneti mod, kapulogalamu kosintha maonekedwe a zinthu mu gemu, n'kuiikamo, ati anzake onse ali nayo. Ndiye kwa milungu itatu mwana wanga wakhala akulolera kufa ndi mkanjo wosateteza kusiyana n'kuyenda maliseche pamaso pa anyamata, osauza munthu, kenako kufa komweko n'kukhala umboni woti atsikana satha. Apa mpamene mtima unandiwira.

"Ndi gemu chabe, azakhali."

Sindinamukalipire kwambiri, sizinayambe ndi iye. Gemu yoyamba ya The Witcher, ya 2007, inkapatsa wosewera khadi la chithunzi cha mkazi aliyense amene wagona naye, ngati akutolera zitampa. Mayi wina wopenda magemu, Anita Sarkeesian, atayamba kutulutsa mavidiyo odzudzula zotere mu 2013, anamuopseza mpaka anathawa panyumba pake chaka chotsatira. Ndinangomufunsa mnyamatayo kuti bwanji chipongwe cha a Nord anachiona msanga, iyenso kusukulu amamunena Munyasarandi (wa ku Nyasaland), koma chochitikira msuweni wake wakhala nacho mpando umodzi osachiona. Anayang'ana pansi, n'kuchotsa mod ija akung'ung'udza.

Mwana anavala zitsulo zake, thupi lonse, n'kupha chinjoka chimodzi nsima isanapse. Cha m'ma 7 koloko magetsi anathima. Tikudya ndi kandulo, amayi anafunsa mdzukulu wawo ngati mayi wa pageti uja anakafika bwino kunyumba.