Kiyi wa ku manda a Yesu amasungidwa ndi Asilamu

Ndinafika pabwalo la tchalitchi cha Holy Sepulchre (Manda Oyera) ku Yerusalemu kusanache, tinjira tamiyala ta mzinda wakalewo tili zii. Wotitsogolera anali atatiuza kuti wofuna kuona chitseko chikutsegulidwa alawire m'bandakucha, ndipo pagulu lathu tinadzuka atatu okha.

Posakhalitsa kawindo kakang'ono ka pachitseko kanatseguka, ndipo wansembe amene anali m'kati anatulutsirapo makwerero. Bambo wina anawalandira, anakwera, nkutsegula loko wam'mwamba ndi kiyi wamkulu wachitsulo. Bamboyo anali Msilamu. Banja la Joudeh ndi limene limasunga kiyi, ndipo banja la Nusseibeh ndi limene limatsegula ndi kutseka chitseko. Onsewa ndi mabanja a Chisilamu, ndipo agwira ntchitoyi kwa zaka mazana ambiri. Ndinali nditamvapo, koma kuona ndi maso kunandigwira mtima. Malo amene Akhristu ambiri timakhulupirira kuti Yesu anapachikidwa, anaikidwa m'manda ndi kuuka, sitingalowemo mpaka Msilamu atatitsegulira.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chifukwa chimene mwambowu wakhalitsira. Tchalitchichi, chimene mfumu Constantine inamanga koyamba ndipo chinapatulidwa m'chaka cha 335, amagawana ndi mipingo 6: Agiriki a Orthodox, Akatolika, Aarmenia, Akopti a ku Egypt, Asiriya ndi Aitiopiya. Aliyense ali ndi guwa lake, nyali zake, maola ake opempherera, ngakhale masitepe ake osesa. Mafumu a Ottoman a ku Turkey, amene ankalamulira Yerusalemu nthawi imeneyo, anakhazikitsa malire amenewa ndi lamulo, ndipo analitsimikiziranso mu 1852, chifukwa mikangano inkafika pomenyana. Pamwamba pa khomo, pansi pa windo, pali makwerero ena amtengo amene akhala pamenepo kuyambira m'zaka za m'ma 1700, chifukwa palibe chimene chingasunthidwe popanda onse kuvomereza. Ansembe a ku Ethiopia amakhala padenga, m'tinyumba tating'onoting'ono. Onsewa amatchula dzina la Yesu mmodzi yemweyo, ndipo ambiri a iwo amaphunzitsa kuti mpingo wawo ndiwo unasunga chikhulupiriro cha atumwi chosaipitsidwa. Kiyi akanakhala m'manja mwa mmodzi wa iwo, enawo sakanagona tulo.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti chipembedzo choona ndi chathu, ndipo enawo ndi osochera ofunika kuwapempherera. Ndinapita ku Yerusalemu ndikuyembekeza kuti miyala ikanditsimikizira zimenezi.

Kuchoka pamanda a Yesu kufika ku Khoma la Kumadzulo ndi ulendo wa mphindi 15 wapansi. Khomali ndi mbali ya mpanda umene Herode anamanga pochirikiza bwalo la Kachisi, Kachisi amene Aroma anagwetsa m'chaka cha 70. Ndinafikako Lachisanu dzuwa likulowa, Sabata likuyamba. Pafupi nane panali gogo wina Myuda, chipumi atachitsamiritsa pamwala, misozi ili mbwembwembwe. M'ming'alu ya khomalo munali timapepala ta mapemphero topinidwapinidwa. Ndinamuyang'ana kwa nthawi yaitali. Ndikanabadwira m'nyumba mwake, nkuyamwa mawu amene iye anayamwa, si pakhoma pomwepo pamene ndikanaima? Ndipo ndikanakhala wotsimikiza ngati mmene ndiliri lero.

Pamwamba pa khoma lomwelo ndi pamene pali mzikiti wa Al-Aqsa ndi Dome of the Rock, nyumba yadenga lagolide imene mfumu ya Asilamu Abd al-Malik inamaliza kumanga cha m'ma 691. Amene si Asilamu timalowa pabwalolo pachipata chimodzi chokha, pa maola oikika, ndipo m'kati mwa nyumbayo sitiloledwa. Wotitsogolera anatiuza kuti m'makoma a m'katimo munalembedwa mawu a m'Korani olankhula mwachindunji kwa Akhristu: akuti Yesu mwana wa Mariya ndi mtumiki wa Mulungu, ndipo tisanene kuti Mulungu ali atatu.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amati zipembedzo zonse nzofanana, njira nzambiri koma phiri ndi limodzi. Mawuwo ndi okoma kumva, koma wowanena sanamvetsere zimene anthu a mumzindawu akunena. Ife timati Yesu anafa pamtanda ndipo anauka. Korani imati sanaphedwe ndipo sanapachikidwe. Ayuda samulandira ngati Mesiya. Zitatuzi sizingakhale zoona nthawi imodzi. Kuuza Msilamu kapena Myuda kuti kwenikweni amakhulupirira zofanana ndi zanga ndi kumupeputsa, ngati kuti sadziwa chimene amapembedza. Choncho chipembedzo chili ndi ufulu wonena kuti chimene chimaphunzitsa ndi choona. Munthu sangagwade kwa zaka zake zonse pamaso pa chinthu chimene akuti mwina nchabodza.

Chimene Yerusalemu anandilanda ndi china: maganizo akuti ndingathe kumutsimikizira mnzanga ndi umboni umene sangaukane. Aliyense amene analanda mzindawu ankaona kupambana kwake ngati chizindikiro chakuti Mulungu ali mbali yake. Pa 15 July 1099 ankhondo a mtanda, Akhristu ochokera ku Ulaya, analowa mumzindamo, anapha Asilamu ndi Ayuda ambirimbiri, nkubwera kudzathokoza Mulungu m'tchalitchi chomwechi. Mu 1187 Saladin, mtsogoleri wa Asilamu, anaulanda, ndipo Asilamu nawo anathokoza Mulungu. Ndinaima pamalo pamene anthu a chikhulupiriro changa anayimba nyimbo zotamanda manja ali ndi magazi, ndipo ndinachita manyazi. Kukhala wotsimikiza sikunawateteze ku uchimo, kunawakankhira m'menemo.

Moyang'anana ndi bwalo la tchalitchi pali mzikiti wotchedwa dzina la Umar. Mbiri imene anthu a kumeneko amasimba imati pamene Khalifa Umar, mtsogoleri wa Asilamu, analandira mzindawu kwa Sophronius, mkulu wa Akhristu a mumzindamo, cha m'ma 637, nthawi ya swala inamupeza ali m'tchalitchimo. Anamupempha kuti apemphere momwemo, koma iye anakana nkukapemphera panja, poopa kuti Asilamu a m'tsogolo adzasandutsa tchalitchicho mzikiti chifukwa choti iye anaswaliramo. Umar sankakayika kuti Chisilamu ndicho choona. Komabe anasiyira ena malo awo ogwadira. Nkhani imeneyi ndaiganizira kwambiri kuposa miyala yonse imene ndinakhudza.

Tsiku lomaliza ndinaima pamzere kwa maola awiri kuti ndilowe m'kanyumba kamene kali pamwamba pa mandawo. M'kati mumakwana anthu atatu kapena anayi, ndipo wansembe wachigiriki amakufulumizitsa. Ndinagwada pakati pa mayi wa ku Ethiopia wovala zoyera ndi mnyamata amene chilankhulo chake sindinachizindikire. Ndinapemphera m'dzina la Yesu, amene ndimakhulupirira kuti anauka pamalo amenewo, ndipo ndinapezeka ndikutchula gogo wa kukhoma uja, osati kuti atembenuke, koma kuti Mulungu amve chimene ankalirira.

Madzulo ndinabwerera pabwalo kudzaona kutseka. Ansembe amene amagona m'tchalitchimo anakankha chitseko ali m'kati. Msilamu uja anakwera makwerero, anakhoma loko, anabweza makwererowo kudzera pakawindo, ndipo kiyi anapita naye kudutsa m'kanjira ka kumsika.