Ulendo wathu wa ku Chilobwe, komwe zoimbira zinakwiririka m'matope

Tinanyamuka pa Mangochi boma kusanache, anthu 14 m'minibasi imodzi, ng'oma ziwiri za beni tili chinyamulire pamiyendo. Gulu lathu ndi la oimba a m'mbali mwa nyanja: ena ndi a kwaya, ena amaimba m'mabandi a m'malo ogona alendo, ena ndi a beni. Anzathu a ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre anatiitana kuti tikaone mmene ayambiranso kuimba chichitikireni namondwe wa Freddy, ndipo tinasonkha kwa miyezi itatu kuti ulendowu utheke.

Pa Ulongwe ndi pa Liwonde tinangodutsa, ambiri ali mtulo. Titafika ku Zomba, agogo athu oimba ng'oma yaikulu analoza phiri n'kutiuza za Napolo wa mu 1946, amene makolo awo ankasimba kuti anatsika m'phirimo ndi madzi, miyala ndi mitengo. Anatchulanso wa ku Phalombe wa mu 1991. Achinyamata anamvetsera ngati nthano chabe. Pofika masana palibe amene ankaitenganso ngati nthano.

Ukaima ku Chilobwe n'kuyang'ana phiri la Soche, umaona chipsera chotsika kuchokera pamwamba, ndi miyala ikuluikulu itakhala pamene panali nyumba za anthu. Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo, ndipo usiku wa pa 12 kuchera pa 13 March 2023 phirilo linagumuka anthu ali mtulo. M'chigawo chonse cha kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Ife ziwerengerozi tinkazimva pa wailesi. Koma mayi wina wa kwaya atatiimika pamwala n'kunena kuti, "Apa panali pakhomo pa mtsikana amene ankatitsogolera nyimbo," miyendo yanga inalobodoka.

Anatilandirira m'kachipinda kamene amaphunziriramo nyimbo, chiperoni chikuwaza kunja, ife a kunyanja tikunjenjemera ndi malaya athu opepuka. Ndinafunsa kuti anayambira pati. Mayi aja anati, "Achimwene, ife sitinasiye. Tinangosamukira ku maliro." Anafotokoza kuti m'masiku amenewo, dziko lili pa masiku 14 okhuza maliro amene Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza, iwo ankaimba pa siwa pano usiku, mawa pena, mkuja penanso. Panalibe kiyibodi, panalibe sipika, magetsi anali atazima chifukwa makina a ku Nkula ndi ku Tedzani anaimitsidwa kaamba ka zinyalala zimene Shire anakokolola. Ankaimba ndi pakamwa ndi m'manja basi. Madzulo ankapitanso ku misasa ya m'masukulu kukaimba ndi ana amene ankadzidzimuka akangomva mvula pa malata.

Nkhani imene inandikhudza kwambiri ndi ya mnyamata wojambula nyimbo. Situdiyo yake inali chipinda chimodzi cha lendi. Iye anapulumuka, koma kompyuta inapita ndi matope pamodzi ndi nyimbo za anthu ambiri zimene zinali zisanatuluke. Zina mwa nyimbozo eni ake anafa usiku womwewo, kotero mawu awo sadzamvekanso. Anati pamene ankafuna kugula zipangizo zina, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho, ndipo mitengo ya zonse zochokera kunja inathawa. Anthu oti aziitana bandi pa ukwati nawonso anali atasauka. Munthu amene akumanganso nyumba saganiza za oimba.

Chimene chawadzutsa n'chinthu chooneka chaching'ono. Magulu angapo, a mipingo yosiyana ndi ena osapemphera n'komwe, anaphatikiza zotsala: uyu gitala, uyu sipika imodzi, uyu jenereta. Anatsegula banki m'khonde yawoyawo, n'kugula chosakanizira mawu chakale ku Limbe. Ali ndi kope limene amalembamo kuti zipangizo zili kwa yani Loweruka liti, ndipo wobwereka amasiya kangachepe kokonzetsera. Ndinalitenga kopelo m'manja, masamba ake atada ndi zala. Kwathu kuno bandi ikhoza kugona ndi masipika anayi, ina ikulephera kuimba pa chinkhoswe chifukwa chosowa imodzi, ndipo timati ndi mpikisano. Ndinachita manyazi.

Pali mawu amodzi amene anzathu a ku Chilobwe ananena mosabisa, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Oimba anagwira ntchito yaikulu posonkhetsa ufa, mabulangete ndi zovala za anthu ovutika, ndipo zimenezo zinali zoyenera. Koma pogawa thandizo, sipanaoneke woganiza kuti gitala ndi khasu la woimba. Mphunzitsi wina wa m'gulu lathu anatikumbutsa za mzinda wa New Orleans ku America, umene unamira ndi namondwe wa Katrina mu 2005. Kumeneko anafika pomanga mudzi wa nyumba za oimba kuti abwerere kwawo, podziwa kuti mzindawo umadziwika ndi nyimbo zake. Ife sitikupempha mudzi. Koma a khonsolo ndi mabungwe akamalemba zimene anthu ataya, azilembanso ng'oma ndi kiyibodi monga amalembera mbuzi ndi mbewu.

Dzuwa litapendeka tinatulutsa ng'oma pabwalo. Anyamata athu anafola beni, wenzulo ikulira, ndipo woimba gitala wa ku Chilobwe anangolowerera popanda kuphunzira. Ana anathamanga kuchokera mbali zonse. Kenako kwaya yawo inaimba nyimbo imene anapeka okha, yotchula maina a amene anapita, mmodzimmodzi. Palibe amene anavina. Agogo athu anatsitsa ng'oma n'kumaigunda pang'onopang'ono ndi chikhatho mpaka dzina lomaliza.

Pobwerera m'minibasi tinakambirana za kwathu. Mu 2024 nyanja yathu inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa gombe, ndipo anzathu a mabandi anakhala miyezi osaitanidwa. Komabe zipangizo zathu timasungabe pansi, m'nyumba za zidina zosawotcha, pafupi ndi madzi. Tisanafike pa Liwonde tinali titagwirizana zoti tigule kope lathu, tipeze chipinda kumtunda chokhala ndi thandala, ndiponso kuti aliyense wojambula nyimbo azisunga ina pa foni ya mnzake kapena pa intaneti.

Ng'oma tinapita nazo ziwiri, tabwera ndi imodzi. Inayo agogo anaisiya m'manja mwa ana a ku Chilobwe, n'kuwauza kuti aziiwamba pamoto pang'ono chikopa chikalefuka ndi chinyezi cha kumeneko. Anawo alonjeza kuti adzabwera nayo okha akamadzatichezera, ndipo ambiri mwa iwo nyanja sanaionepo. Msonkhano wokonza za malo awo ogona ndi chakudya uli Lachitatu masana, ndipo amene sanamalize kusonkha abwere ndi ndalama zawo.