Genesis 1 poyerekeza ndi nthano ya ku Babylon

Abale, amene amati Genesis 1 anangoikopera ku Babylon akufulumira kuweruza. Kufanana kulipo ndithu. Nthano ya ku Babylon ya chilengedwe, yotchedwa Enuma Elish, yolembedwa pa mapale 7 adongo, inapezeka m'mabwinja a laibulale ya mfumu Ashurbanipal ku Nineveh, ndipo katswiri wa ku England George Smith anaifalitsa mu 1876. M'menemo pachiyambi pali madzi okhaokha. Marduk, mulungu wamkulu wa ku Babylon, akupha Tiamat, mulungu wamkazi wa nyanja, n'kumung'amba pakati. Theka limodzi likusanduka thambo lotchinga madzi akumwamba. Tsegulani Genesis 1:6-7, tsiku lachiwiri: thambo likulekanitsa madzi apamwamba ndi apansi.

Koma mu Genesis 1 nkhondo mulibe, Mulungu akungolankhula. Dzuwa ndi mwezi, zimene ku Babylon ankazipembedza, sizikutchulidwa n'komwe mayina, ndi zounikira chabe. Kumeneko munthu anapangidwa ndi magazi a Qingu, mulungu amene ankatsogolera asilikali a Tiamat, kuti azigwirira ntchito milungu, kuno akulengedwa m'chifanizo cha Mulungu.

Akatswiri ambiri amati mutuwu unalembedwa cha m'nthawi ya ukapolo wa Ayuda ku Babylon, Yerusalemu atagwa mu 586 BC. Ine ndimauona ngati yankho lotsutsa nthano za owagwirawo. Nkhondo yolimbana ndi chinjoka cha m'nyanja inatsalira pa Salmo 74:13-14.