Ku Pendle, kumene umboni wa mwana unanyongetsa banja lake

Ulendo wathu wapansi unayambira m'mudzi wa Barley, m'tsinde mwa phiri la Pendle ku Lancashire, m'dziko la England, ndipo wotitsogolera anatidutsitsa m'mabusa a nkhosa otchingidwa ndi mipanda yamiyala, kwinaku akufotokoza za milandu ya ufiti imene inachitika m'derali mu 1612.

Nkhani yonse inayambira pa mapini. M'mwezi wa March chaka chimenecho, mtsikana wina wosauka, Alizon Device, anapempha mapini kwa John Law, wamalonda woyendayenda. Atamanidwa anamutemberera, ndipo posakhalitsa bamboyo anagwa nafa ziwalo, matenda amene lero ambiri amati anali sitiroko. Woweruza wa deralo, Roger Nowell, anayamba kufunsa mafunso, ndipo mabanja awiri amene anali pa chidani, la gogo Demdike (agogo ake a Alizon) ndi la gogo Chattox, anayamba kulozana zala za ufiti. Inali nthawi ya Mfumu James I, imene inkaopa kwambiri ufiti ndipo inakhwimitsa lamulo lake mu 1604.

Chimene chinandipweteka mtima koposa ndi nkhani ya Jennet Device, mng'ono wake wa Alizon, mwana wa zaka 9, amene pa mlandu wa ku Lancaster mu August anamuimika patebulo kuti bwalo lonse limuone pamene ankanenera amayi ake ndi mlongo wake James. Mayiyo anakuwa ndi kulira mpaka anamutulutsa m'bwalomo, ndipo mwanayo anapitiriza. Sindimuimba mlandu mwana ameneyu. Mlandu uli ndi akuluakulu ophunzira amene anamukweza patebulopo. Gogo Demdike, amene anali wakhungu, anafera m'ndende mlandu usanayambe, pamene anthu 10 a m'nkhaniyi ananyongedwa, 9 ku Lancaster ndi mmodzi ku York.

Titafika ku Roughlee tinaima pa chiboliboli cha Alice Nutter, mmodzi mwa onyongedwawo, chimene chinaimikidwa m'mbali mwa msewu mu 2012. Mayiyu ali m'maunyolo, ndipo mbiri imati anakana mlanduwo mpaka imfa yake. Anzanga ankajambula zithunzi, koma ine maganizo anali kwathu, kumene ana amanenerabe agogo awo kuti akuwaphunzitsa ufiti, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Ku Neno, mu January 2016, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira kuti ndiwo anatumiza mwaufiti mphenzi imene inapha mtsikana wina.