Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Usiku umene Arthur anafera m'chishedi cha amalume

M'gawo lapitalo ndinalekezera mu 2011, pamene amalume anandiitanitsa kuchoka ku Dedza n'kundipatsa makiyi a golosale yawo pamsika wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique. Mukumbukira kuti ine ndinatsalira kwa azakhali pomwe anthu othawa nkhondo ankabwerera kuno mu 1993 ndi 1994. Lero ndikamba za munthu amene ndinamupeza pagolosalepo. Dzina lake sinditchula, ali moyo ndipo ali ndi banja. Ndizingoti mnzanga.

Iye anali wantchito, ine mwana wa mlongo wawo wa eni golosale, ndipo kwathu kuno aliyense amadziwa kumene chuma cha malume chimalowera. Tinali a msinkhu umodzi, koma ine ndinkakhala pakauntala ndi kabuku ka ngongole, iye n'kumasenza matumba a shuga ndi mchere, kukolopa, ndi kupalasa njinga mpaka kumalire ku Calómuè kukatenga katundu. Mu Meyi 2012 boma la mayi Joyce Banda litagwetsa kwacha, dola n'kuchoka pa K168 kufika cha m'ma K250, katundu wa ku Malawi anatchipa kwambiri kwa ife ogwira metikali, ndipo maulendo a mnzanga anachuluka. Pobwera, pakati pa makatoni a sopo ndi mafuta ophikira, ankalowetsamo ma DVD.

Kuseri kwa golosale kunali chishedi cha malata chimene tinachisandutsa koonetsera vidiyo. Mabenchi a matabwa, TV imodzi, ndi kajenereta ka pa nthawi imene magetsi athima, pakuti amathima ndithu ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi. Ana ankalipira mametikali 2, akulu 5. Amalume analola chifukwa ndalama inkalowa, koma anati akadzangomva kuti taonetsa zolaula, TV aiponya m'chitsime.

Mwa zonse zimene tinaonetsa, palibe inadzaza chishedi chija ngati Merlin. Amene simunaionereko, nkhani yake ili motere. Mnyamata wosauka wa m'mudzi wa Ealdor, wobadwa ndi matsenga, afika ku Camelot kumene mfumu Uther imapha aliyense wogwidwa akuchita zamatsenga. Akumana ndi Arthur, mwana wa mfumuyo, akuponya mipeni pa chishango chimene wantchito wanyamula, anzake akufa ndi phwete. Merlin amudzudzula, n'kukagona m'ndende. Pasanapite nthawi apulumutsa moyo wa Arthur yemweyo, ndipo mphotho imene Uther ampatsa ndi yakuti akhale wantchito wa mwana wakeyo: kupukuta zida, kuchapa, kukolopa m'khola la akavalo. BBC inayamba kuionetsa mu 2008, inafika ma season 5, zigawo zonse 65. Pa ulendo wonsewo Merlin amapulumutsa bwana wake mobisa, bwanayo n'kumamutcha chitsiru ndi kumugenda ndi chilichonse chimene chili pafupi.

Ana a pamsika sanachedwe. Mnzanga akamadutsa ndi thumba pamutu ankakuwa kuti "Merlin! Merlin!" Ine akandiona ndafunda jekete pakauntala, basi "Arthur". Iye ankangoseka. Akuluakulu nawo anali ndi mkangano wawo umene sunathe: Merlin ameneyu ndi mfiti kapena sing'anga? Mayi wina wogulitsa mandasi anaugamula kuti mfiti siphikira munthu chakudya zaka zonsezo osamuthira kanthu.

Tsopano pali nkhani imene ana aja sankaidziwa. Amalume anali mkulu wa mpingo, ndipo pa za gule wamkulu sankanyengerera. Anachotsapo ntchito mnyamata wina chifukwa chongomveka akuimba nyimbo ya kubwalo potsitsa katundu. Wina atawauza kuti mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule wa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia monga chuma cha dziko lonse lapansi, anayankha kuti aona ngati UNESCO-yo idzaimirire munthu pa tsiku la chiweruzo.

Mnzanga kwawo ndi kumbali ya Dómuè. Kukakhala maliro a munthu wamkulu, kapena kumeta, kapena chinamwali, iye ankasowa. Lero agogo adwala, mawa njinga yaduka masipoko. Ankabwera mawu atasasa, maso ofiira ndi tulo, zovala zikununkha utsi. Amuna ena akabwera kudzagula mchere ankalankhula naye Chichewa chomwechi, mawu onse ndikuwamva, koma chimene akunena osachitola. Ine sindinalowe gule, ndipo zakudambwe saulula, choncho sindinena zoposa zimene maso a munthu wamba amaona. Koma ndinadziwa. Amalume akafunsa kuti mnyamata uja ali kuti, ndinkati ndamutuma ku Lizulu, kumene msika uli pamalire penipeni, mbali ina ya msewu Malawi ina Mozambique, ndipo munthu akachedwa kumeneko palibe amadabwa. Kwa mnzangayo sindinanenepo kanthu. Iyenso sanandifunse chifukwa chimene amalume sankamukalipira.

Chigawo chomaliza anachionetsa ku Britain pa 24 Disembala 2012. Kwa ife chinafika mu Febuluwale, mvula ili pakati. Usiku umenewo anthu anadzaza mpaka ena anaima pakhomo atafunda masaka, ndipo mvula inkamenya malata mwakuti voliyumu tinaikweza mpaka sipika kuyamba kunjenjemera.

Nkhondo ya ku Camlann inatisangalatsa. Merlin, atasanduka nkhalamba ya ndevu zoyera, akugwetsa adani ndi mphezi ali pamwamba pa thanthwe, ana anaimirira pa mabenchi. Kenako Mordred, msilikali wa Arthur amene anamuukira, anabaya Arthur ndi lupanga losulidwa m'mpweya wa chinjoka, Arthur n'kumupha, koma kachidutswa ka lupangalo kanatsalira m'thupi kakulowera kumtima. Kuyambira pamenepo filimu inasintha mayendedwe. Phokoso linatha. Anangotsala anthu awiri m'nkhalango, wina akufa, wina akulira, ndipo wolirayo anaulula kuti iye ndi wamatsenga, nkhalamba ija ndi iyeyo. Arthur anakana kukhulupirira. Merlin anatambasula dzanja pamoto, nthethe za moto n'kupanga kachinjoka m'mwamba. Arthur anatembenuza nkhope, namuuza kuti achoke.

M'chishedi munamveka "aaa!" wa anthu onse pamodzi. Bambo wina anatukwana Arthur mpaka makolo ake. Ine ndinayang'ana kumene kunali mnzanga, pafupi ndi jenereta. Anali atapinda manja, nkhope ili gwa.

Gaius, sing'anga wa kunyumba ya mfumu, anati chiyembekezo chili ku nyanja ya Avalon kokha, ndipo nthawi ndi yochepa. Choncho wantchito ananyamula mfumu imene sikufuna kumuyang'ana, kuidyetsa, kuikweza pa kavalo, kufufuta mapazi kuti adani asawalondole, tsopano akuchita matsenga poyera. Arthur ankaonerera. Pang'onopang'ono anayamba kufunsa: bwanji sunandiuze? Bwanji ukupitiriza kunditumikira? Merlin anapha Morgana, mlongo wake wa Arthur amene anasanduka mdani, panjira, akavalo anathawa, mphamvu zinatha. Nyanja isanafike, Arthur ananena mawu amene sanawanenepo mochokera pansi pa mtima pa ma season onse aja. Anathokoza wantchito wake, n'kutsirizika. Chinjoka chachikulu chinawanyamula mochedwa. Lupanga la Arthur linaponyedwa m'madzi, dzanja n'kuliwakha. Gwen, mkazi wa Arthur, anakhala pampando wachifumu yekha. Ndiye mwadzidzidzi tinaona lole ikudutsa pamsewu wa tala wa masiku ano, ndi nkhalamba ija ikuyendabe m'mbali mwa nyanja, kudikira.

Anthu anafuna ndalama zawo. Sindikunama. Mayi wa mandasi anati azungu atidyera mametikali athu chaka chathunthu kuti atiphere mwana pamapeto. Ena anati dikirani season 6, adzuka ameneyo, ndipo patapita miyezi wogulitsa ma DVD wina anabweradi ndi chimbale cholembedwa choncho, koma mkati munali filimu ina ya anthu a malupanga osadziwika n'komwe.

Onse atapita tinatsala awiri tikusesa makoko a mtedza ndi zotafuna za nzimbe.

"Ase," anatero mnzanga, "filimuyi yatinamiza pamodzi."

"Pati?"

"Zaka zonse zija Arthur osadziwa? Munthu wokuyalira pogona, wokuphikira, woyenda naye m'tchire? Nthambi kumangogwera adani nthawi iliyonse imene iye wabisala kuseri kwa mtengo? Ankadziwa ameneyo. Ankangoopa kuti akatsegula pakamwa, lamulo la bambo ake limukakamiza kuchitapo kanthu."

Ndinatsutsa. Ndinati waiona wekha nkhope ija, munthu wodziwa sadzidzimuka choncho.

"Ndiye kuti anali wogona," anatero. Anaima, tsache lili m'manja. "Koma iwe si wogona. Ku Lizulu kumene umandituma kuja, ndimakagulako chiyani?"

Mvula inali italekeza. Ndinasowa poyang'ana.

"Tomato," ndinatero.

Anaseka mpaka kukhala pansi, inenso ndinaseka, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Sanandiuze kanthu kena, sindinamufunse kanthu kena, mpaka lero.

Zigawo zomalizazo ndaziwonanso ndili wamkulu, pa foni, ndipo pa za Arthur sindigwirizanabe ndi mnzanga. Arthur sankadziwa, ndipo mpamene pali kulemera kwa nkhaniyi. Mnyamata woponya mipeni uja anasinthadi. Anakwatira Gwen, mwana wa wosula zitsulo amene anali wantchito m'nyumba ya mfumu. Anapatsa ulemu wa asilikali a mfumu anthu onga Lancelot, Elyan ndi Percival, amene bambo ake sakanawalola n'komwe chifukwa sanabadwire m'mabanja apamwamba. Anaphunzira kuona anthu akutali. Koma munthu amene ankamuvula nsapato usiku uliwonse sanamuone, chifukwa wantchito amene wamuzolowera amasanduka ngati mtondo wa pakhomo: umasinjiramo tsiku ndi tsiku koma sungathe kunena kuti unang'aluka liti. Olemba filimu anamupatsa masiku ochepa okha oti atsegule maso, ndipo pamenepo ndimawadandaula nawo anthu a m'chishedi. Tinalonjezedwa kuyambira pachiyambi kuti awiriwa adzamanga dziko limene amatsenga adzayenda momasuka. Sitinalione. Arthur anafa lamulo la Uther lidakalipo.

Ndipo lamulolo kuti likhalepobe, Merlin naye ali ndi mbali. Ambiri amene timakangana za filimuyi amaiwala chigawo china cha mu season 5, pamene amayi atatu a chipembedzo chakale anauza Arthur kuti avomereze matsenga mu ufumu wake, apo ayi Mordred, amene anali atavulala, afa. Arthur anafunsa wantchito wake nzeru. Khomo limene Merlin analidikira moyo wake wonse linatseguka, iye n'kulitseka yekha, misozi ili m'maso, chifukwa ankafuna Mordred afe kuti ulosi wa imfa ya Arthur usakwaniritsidwe. Mordred anachira, ndipo ndi yemwe anadzabaya Arthur. Kwa ine Merlin wa kumapeto si wamkulu kuposa wa pachiyambi. Wa pachiyambi anadzudzula mwana wa mfumu pamaso pa anthu. Wa kumapeto anali atabisa nthawi yaitali mwakuti chilichonse, ngakhale anthu a mtundu wake, ankachiyeza ndi moyo wa munthu mmodzi. Nditamuuza zimenezi mnzanga anangoti kubisa kumazolowereka, ndipo amene sanabisepo asaweruze.

Mu Juni, kuzizira kwa ku Angónia kutafika pachimake ndipo ndalama za fodya zili m'matumba mwa anthu, ku Dómuè kunali kumeta maliro a mfumu ina. Munthu wa mumpingo mwathu, amene sindikudziwa kuti iye ankafunako chiyani, anaona mnzanga ali pakati pa amuna osamalira bwalo. Lolemba lisanathe amalume anali atamva.

Anandiitana titatseka golosale. Sanakweze mawu.

"Iwe, mnyamata uja ndamuchotsa. Ndikufunse kamodzi kokha. Unkadziwa?"

Yankho losavuta linalipo, ndipo ndikhulupirira kuti ndi limene ankafuna kumva. Ndinati, "Eya amalume, ndinkadziwa. Za ku Lizulu zija ndinkapeka ndine." Ndinawonjezera kuti asanamuthamangitse awerenge kaye amene amadziwa mitengo ya ku Calómuè, amene amakonza jenereta, amene anabweza ndalama zija zinagwera kuseri kwa shelefu popanda womuona. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatambasula dzanja kuti ndiwapatse makiyi.

Ndinkaganiza kuti mnzanga akamva andikumbatira. Anandikalipira. "Wapusa, ase. Ukanakana. Mmodzi akanatsala pantchito, winayo akanamadyako. Tsopano tonse tili panja, wapindula chiyani?" Anakhala masiku angapo osandilankhula bwino.

Kenako anabwera kunyumba kwa amayi m'mamawa, njinga atagulitsa. Anati ku Moatize, kumene kampani ya Vale inayamba kukumba malasha mu 2011, makontilakita akulemba anthu onyamula ndi okonza zinthu, ndipo msuweni wake ali ndi kachipinda. Ine ndinalibe ngakhale ya chapa, minibasi ya kwathu, pakuti munthu wodikira chuma cha malume sasunga ndalama. Iye anamasula kansalu, n'kulipira mipando iwiri, ndipo anandiuza pamaso pa kondakitala kuti ngongoleyo ailemba, ndidzabweza ndi malipiro oyamba. Tinatsika phiri kudzera ku Mussacama majekete ali pathupi, pofika ku Moatize tinali titavula mpaka malaya. Za kachipinda ka msuweni uja, ndi mmene zinakhalira kuti woyamba kulembedwa ntchito n'kukhala kapitawo wanga anali mnzangayo, ndikamba m'gawo 12.