Mzamba wa jezi nambala 6

Kuno ku Melbourne ukatchula Daisy Pearce, anthu amathamangira kunena za chikho chimene anapambana ndi timu ya amayi ya Melbourne mu 2022. Ine chimene chimandikhudza n'chakuti pa zaka zambiri zimene ankatchedwa katswiri wa mpira wa Aussie rules (mpira wa ku Australia woseweredwa ndi manja ndi miyendo), ankadzukirabe kuchipatala. Anali mzamba. Inenso ndimagwira ntchito ya mashifiti, ndipo ndikaweruka miyendo imakhala itatupa, maganizo onse ali pa kuvula nsapato. Iye ankapita kokachita masewera olimbitsa thupi madzulo, pabwalo lozizira.

Anabadwa mu 1988 ndipo anakulira ku Bright, katauni ka kumapiri m'chigawo cha Victoria. Kumeneko ankasewera ndi anyamata mpaka anafika msinkhu umene malamulo a nthawiyo sankalolanso mtsikana. Mu 2005 analowa timu ya amayi ya Darebin Falcons, n'kupambana nayo zikho 10, koma manyuzipepala anali phee. Mu 2013 matimu a Melbourne ndi Western Bulldogs atakonza masewera a amayi ongoonetsa pabwalo lalikulu la MCG ku Melbourne, dzina loyamba kusankhidwa linali lake.

Ligi ya amayi ya dziko lonse, ya AFLW, inayamba pa 3 February 2017. Tsikulo Carlton ndi Collingwood zinadzaza bwalo la Princes Park ndi anthu oposa 24,000, zipata n'kutsekedwa ena adakali panja. Nanga aja ankati palibe angaonere amayi anali kuti? Komabe osewera ambiri chaka chimenecho analandira madola a ku Australia 8,500 okha. Munthu sungasiyire ntchito ndalama yoteroyo.

Mu 2019 Pearce sanasewere chifukwa anabereka mapasa. Chaka chotsatira anabwerera, ali kaputeni wa Melbourne.

Fainolo ya November 2022 ija siinali yokongola ayi. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira, umadumpha mosadziwika bwino, ndipo tsikulo unavuta onse. Ukadutsa pakati pa mitengo iwiri yaitali ndi mapointi 6, ukapita m'mbali mwake ndi pointi imodzi. Melbourne ndi Brisbane zinagoletsa zigoli ziwiriziwiri basi, ndipo Melbourne inapambana 19 kwa 15 ndi timapointi ta m'mbali tomweto, 7 kwa 3.

Anapuma kusewera mu January 2023, n'kukathandiza kuphunzitsa timu ya amuna ya Geelong. Chakumapeto kwa chaka chomwecho West Coast inamutenga kukhala kochi wamkulu wa timu yake ya amayi ku Perth.