Makomo amene ndinagogoda kuti mwana wanga alowe m'kalasi

Mnyamata wanga anakwanitsa zaka zitatu asanatchulepo kuti "amama". Kusikelo zonse zinkaoneka bwino: thupi likukwera, katemera yense analandira, mzere wa m'kabuku ukupita m'mwamba. Ndikadandaula za kulankhula, yankho linali limodzi kulikonse, kunyumba ngakhale kumvano: ana aamuna amachedwa, musade nkhawa. Koma ine ndinkaona zina. Ukamuitana dzina sankacheuka, koma pepala la switi likangoti khwakhwa kuseri kwa nyumba, wafika kale. Ankatola zitsekerero za mabotolo n'kuzindandalika pakhonde mzere umodzi, ndipo wina akangosuntha chimodzi, kulira kwake kunkamveka mpaka kumpopi.

Mwezi watha mayi wina anandiimitsa kuchigayo n'kundinong'oneza kuti, "Amake mwana, inu munayambira pati? Wanganso ali choncho." Ufa unali utatuluka kale, sitinamalize kucheza. Ndiye ndati ndilembe zonse mmene zinayendera, kuchokera pofufuza vuto lake, limene madokotala anadzalitchula kuti autism, mpaka kumupezera sukulu.

Ndinayambira kolakwika, ndivomere. Apongozi anga anatitengera kwa asing'anga awiri, mwana anatemeredwa mphini, nkhuku zinapita. M'dera mwathu munamveka mphekesera yoti bambo ake anamukhwimira kuti geni ya kaunjika iziyenda. Chikhala kuti anakhwimadi, bwenzi tikukhalabe m'nyumba ya lendi yodontha? Chaka chathunthu chinathera m'zimenezi.

Khomo lenileni loyamba linali chipatala chaching'ono cha kwathu komweko. Ulendo woyamba ndinangoti "sakulankhula", ndipo ndinabwerako ndi mawu aja a ana aamuna amachedwa. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi kope ya sukulu imene ndinalembamo zonse za milungu iwiri: saloza chinthu ndi chala koma amagwira dzanja langa n'kulikokera pa ndowa akafuna madzi, sayang'ana munthu m'maso, amatseka makutu njinga yamoto ikamadutsa, amadya nsima yosasunsa ndi mbatata basi, amagona tambala woyamba atalira. Adokotala anawerenga mpaka kumapeto, n'kulemba m'buku la kuchipatala kuti tipite kuchipatala chachikulu. Kope imeneyo musaipeputse. Mukalowa m'chipinda cha adokotala mwana akulira, anthu akudikira panja, mutu umaima, mumaiwala zonse.

Kuchipatala chachikulu anayamba ndi makutu, ndipo n'zomveka, chifukwa mwana wosamva nayenso sacheuka kapena kulankhula. Ku Blantyre kuno amayeza makutu ku Queen Elizabeth, ndipo a ku Lilongwe ali ndi chipatala cha makutu cha ABC. Ndinkaopa kuti sangalole kukhala phee n'kumayankha, koma pali kachipangizo kamene amalowetsa m'khutu, kamayeza kokha mwana osanena kanthu. Tinadikira kuti agone kumsana, n'kumuyeza ali mtulo. Makutu onse awiri anali bwino. Ndinatuluka ndisakudziwa kuti ndisangalale kapena ndilire.

Kenako tinaonana ndi dokotala wa ana. Mafunso ake anabwerera mpaka tsiku lobadwa: analira atangobadwa? Anadwalapo chikasu? Anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo? Amagwa khunyu? Anafunsa zimenezi chifukwa kubanika pobadwa ndi malungo ofika mu ubongo zimasiya ana ena akuchedwa kukula m'nzeru, ndipo khunyu limayendera limodzi ndi mavuto amenewa mwa ana ena, pamene lili ndi mankhwala ake. Wanga analibe chilichonse mwa izi. Adokotala anayala zidole pansi, n'kumangomuyang'ana. Iye anatenga kagalimoto, n'kukagadabuza, n'kumazunguza tayala limodzi lokhalokha nthawi yonse imene tinali mmenemo. Pa ulendo wachiwiri m'pamene ndinamva mawu akuti autism.

Anandifotokozera kuti palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa autism, amaiona pa khalidwe ndi mbiri ya mwana. Palibenso piritsi loichotsa. Ubongo wake umalandira phokoso, kuwala ndi anthu mosiyana ndi wa ana ena, ndipo chimene chimathandiza ndi kumuphunzitsa pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, tsiku lililonse. Ndinafunsa ngati ndinalakwitsa china ndili woyembekezera. Anati ayi. Ndinafunsanso kachiwiri, anatinso ayi. Ndisanatuluke ndinapempha kuti alembe dzina la vutoli m'buku momveka bwino, asainire, adinde chidindo. Tsamba limenelo ndinakajambulitsa makope asanu, ndipo onse anagwira ntchito.

Akatswiri ophunzitsa ana kulankhula ndi owerengeka m'dziko muno, choncho mukakumana ndi mmodzi, kapena wophunzitsa ana kuchita zinthu paokha monga kudya ndi kuvala, funsani zoti muzikachita kunyumba, mulembe m'kope muja. Ine anandiuza kuti ndisiye kumuganizira zonse. Ndinazolowera kumupatsa madzi asanapemphe. Tsopano ndinkagwira kapu m'mwamba pang'ono, n'kudikira kuti ayang'ane kapena aloze, kenako n'kunena "madzi" ndikumupatsa. Agogo ake ankati ndikuzunza mwana.

Kusukulu ndiye kunali mtunda. Sukulu ya mkaka yolipira inalandira ndalama ya teremu yonse, patatha milungu iwiri n'kundiitana kuti ndikamutenge, akuti akusokoneza anzake. Ndalamayo sinabwerere. Atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi ndinapita naye kusukulu ya boma yapafupi. Ahedi anamuyang'ana akuzungulirazungulira tebulo lawo, n'kunena mwaulemu ndithu kuti, "Mayi, kuno tilibe aphunzitsi a ana otere." Ndinathokoza, n'kubwerera kunyumba. Mpaka lero ndimadzidabwa kuti ndinathokoza chiyani. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti lamulo la anthu aulumali la 2012 linkaletsa kale kukaniza mwana sukulu chifukwa cha ulumali, ndipo lamulo latsopano la 2024 limene linalowa m'malo mwake silinabwerere m'mbuyo pa mfundoyi. Komabe, ngakhale ndikanadziwa, kalasi ya Sitandade 1 pasukulupo inali ndi ana oposa 100 atakhala pansi, mphunzitsi mmodzi. Kumuponya mmenemo popanda womuthandiza kukanakhala kungomutaya.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina pabenchi ya kuchipatala, mwana wake wamkazi atamugoneka pamiyendo. Anandifunsa ngati ndinapitako kwa a PEA. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndi ndani. Sukulu za pulayimale za boma zinagawidwa m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake wa maphunziro, ndiye a PEA amenewo, ofesi yawo imakhala ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zonimo amakumanirako. Iwo ndi amene amadziwa kuti ndi sukulu iti m'zonimo kapena yoyandikana nayo ili ndi chipinda cha ana ofunika chithandizo chapadera, chimene aliyense amangoti resource. Ndinapita kawiri osawapeza, anali koyendera sukulu. Kachitatu ndinalawirira mbandakucha, ndinawapeza akuimika njinga yawo yamoto. Ndinawaonetsa tsamba lodindidwa lija, ndipo anandilembera kakalata kopita kusukulu ina, mtunda wa minibasi imodzi ndi kuyenda pang'ono.

Apa pali chinthu chofunika kufunsa. Aphunzitsi a ana amenewa ambiri amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo sikuti onse amaphunzira zofanana. Ena ndi a ana osaona, ena a ana osamva, ena a ana ovutika kuphunzira. Mwana wa autism amagwera kwa omalizawa. Mukangomva kuti pasukulu yakuti pali resource, musathamangire kugula yunifomu, funsani kaye kuti aphunzitsi ake ndi a mbali iti.

Amene tinawapeza ife anali a mbali yoyenera. Tsiku lomuyesa sanamukhazike pa desiki. Anavula nsapato, n'kukhala pansi pamkeka, n'kukhuthula chitini chodzaza zitsekerero za mabotolo. Ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa sindinawauze za zitsekererozo. Mwana wanga anayamba mzere wake. Iwo anayamba wawo pambali, osamulankhula. Kenako anaika chofiira chimodzi kumapeto kwa mzere wa mwana wanga. Ndinagwira mtima, ndikudikira mfuu. Iye anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchichotsa, n'kukachiika pamene panali zofiira zinzake. Amadamu anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Mwaona? Mitundu akuidziwa." Kuyambira tsiku limene anabadwa, aka kanali koyamba kuti munthu andiuze chimene mwana wanga akudziwa.

Tinalemba limodzi ndondomeko yake papepala. Ine ndinkafuna a, e, i, o, u. Iwo anaika chimbudzi poyamba, chachiwiri kukhala pansi mphindi zisanu, chachitatu kupempha chinthu osakoka munthu. Ndinakhumudwa, koma anali olondola: mwana wosadziwa kupempha chimbudzi anzake amamuthawa, ndipo aphunzitsi a m'kalasi yaikulu amatopa naye msanga. Tinadula katoni ya sopo n'kupanga timakadi, pena tajambula kapu, pena mbale, pena chimbudzi, tina kusukulu tina kunyumba, zithunzi zofanana. Teremu yoyamba ankakhala maola awiri okha, ine nditakhala panja pansi pa mtengo. Vuto lalikulu linali chitsulo choimba pa buleki, chija cha tayala la galimoto. Chikangolira ankadzigwetsa pansi. Amadamu anayamba kumuonetsa kadi ya chitsulo chisanalire, iye n'kutseka makutu yekha n'kudikira. Zing'onozing'ono ngati zimenezi n'zimene zinatenga miyezi.

Pansi pa mtengo uja sindinali ndekha. Tinalipo amayi asanu ndi awiri ndi agogo aamuna amodzi, aliyense akudikira wake. Tinayamba ndi kugawana mandasi, kenako kusinthana kuperekeza ana kuti wina apeze mpata wopita kumsika, kenako banki m'khonde yoti izithandiza pa ndalama ya minibasi. Mmodzi wa ife anali atamvapo za PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, ndipo kudzera kumeneko tinadziwa kuti makolo a m'madera ena anachita kale zimene ife tinkangopapasa. Tinalemba malamulo a gulu, tinatenga kalata kwa amfumu, n'kukadzionetsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo, kuti mabungwe akamafuna magulu a makolo azitipeza. A kumpoto ali ndi mwayi wa St John of God ku Mzuzu, komwe kuli malo othandizira ana ochedwa kukula pamodzi ndi makolo awo.

Za mabungwe ndinene chilungamo. Ena anatithandiza kwambiri, makamaka amene anatiphunzitsa ife makolo masiku angapo, chifukwa zimenezo zinatsala m'mitu mwathu. Ena amangooneka pa 2 Epulo, tsiku lokumbukira autism padziko lonse, ndi malaya ndi makamera, mawa lake ziii. Ntchito zawo zimakhala za zaka zowerengeka, ndalama zikatha amapita, pamene mwana akukulabe. Agogo aamuna aja mdzukulu wawo ali ndi zaka 19, sukulu inamutha, ndipo palibe anabwera kudzafunsa kuti azitani. Ndi gulu lathu limene linasonkha n'kumugulira anapiye. Amawadyetsa pa nthawi yake osaphonya, kuposa mmene ine ndingachitire, ndipo mazira ake timagula tokha.

Wanga tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sitandade 1 anabwereza, panopa ali mu 2, mmawa amalowa m'kalasi yaikulu, ikakwana buleki amapita ku resource. Mawu ali nawo ochepa, "madzi" ali m'gulu lake, ndipo kuchimbudzi amapita yekha. Sabata yatha tamva kuti amadamu aja awasamutsira kusukulu ina, ndipo wolowa m'malo mwawo sanadziwike. Lolemba tikupita kwa a PEA tonse asanu ndi atatu. Buku la kuchipatala, kope ija ndi pepala la ndondomeko zili kale m'jumbo, ndapachika pamsomali pafupi ndi chitseko.